Kodi "ndi chilengedwe cha mwamuna" n'chowiringula chomveka?

Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, kafukufuku wa boma adapeza kuti m'miyezi yochepa atsikana oposa 40,000 adatenga mimba, ndipo ana pafupifupi 13,000 adalowa m'banja. Mangochi idali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Kuno ku Manjawira, m'mbali mwa msewu wa M1, timamvabe mawu amene tidamva nthawi imeneyo: mtsikana ndiye wolakwa, mnyamata "magazi ake ndi otentha". Tiyeni tiwaunike mawuwa.

Muli choona pang'ono. Mnyamata akamatha msinkhu, thupi lake limayamba kupanga timadzi tambiri totchedwa testosterone. Ndi timene timakulitsa mawu, kumeretsa ndevu, kulimbitsa minofu ndi kudzutsa chilakolako. Akazi nawo ali nato, koma mwamuna wamkulu amakhala nato kuchulukitsa kakhumi kapena kuposerapo. Kusiyana kumeneku n'kwenikweni, ndipo sitikukana.

Komatu timadziti sitilamula munthu. Akatswiri apeza kuti kuchuluka kwake sikokwanira kutiuza amene adzakhale wandewu. Komanso timasintha malinga ndi mmene munthu akukhalira. Kafukufuku amene adatsatira anyamata oposa 600 ku Cebu m'dziko la Philippines, wofalitsidwa mu 2011, adaonetsa kuti testosterone idatsika mwa amene adakhala abambo, makamaka amene ankatha nthawi yaitali akulera ana awo. Ndiye kuti khalidwe nalo limaumba thupi.

Chipembedzo chathu chidatsogola kale pa mfundoyi. Msinkhu umene chilakolako chimadzuka ndi womwewo umene mnyamata amayamba kuwerengeredwa zochita zake pamaso pa Allah. Mu Surah An-Nur, lamulo lodzitchinjiriza maso ndi umaliseche layamba ndi amuna, kenako akazi. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adalangiza achinyamata amene sangathe kukwatira kuti azisala kudya. Sadawauze kuti alibe chochita.

Ife aphunzitsi timaona kumadrasa ndi kusekondale momwe: mtsikana timamulangiza tsiku ndi tsiku, pomwe mnyamata akangochoka ku jando timamusiya aphunzire za thupi lake pa siteji ya kabaza ndi pa foni. Akapereka mimba, mtsikana ndiye amasiya sukulu, ndipo akuluakulu ena amathamangira nikah, ngakhale kuti chiyambire 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

Abambo ndi atsibweni, khalani pansi ndi anyamata anu asanakwane zaka 12. Afotokozereni zimene zidzachitike m'thupi mwawo, za kusamba kwa janaba, ndi zoti mwana wa eni ali ndi ulemu ngati mlongo wawo. Masheikh, nkhaniyi ilowe mu khutbah ya Lachisanu. Allah atithandize kulera amuna odziwa kudzigwira.