Ndemanga: Phungu mmodzi m'dera limodzi

Pa 16 Sepitembala 2025 mtundu wa Amalawi udaponya voti pansi pa malamulo awiri osiyana pa tsiku limodzi. Wofuna mpando wa Pulezidenti adayenera kupeza mavoti opitirira theka la mavoti onse oponyedwa. Wofuna mpando wa uphungu adangofunika kuposa anzake m'dera lake, ngakhale ndi voti imodzi yokha. Ife tikuona kuti kusiyana kumeneku n'koyenera kukulingalira mofatsa tsopano lino pamene fumbi la chisankho lakhazikika.

Dongosolo limene timasankhira aphungu tidalilandira kuchokera ku Britain. Dziko limagawidwa m'madera, dera lililonse limatumiza munthu mmodzi ku Nyumba ya Malamulo, ndipo wopambana ndiye amene wapeza mavoti ambiri kuposa wina aliyense. M'nthawi ya chipani chimodzi dongosololi silinkabutsa funso, pakuti onse opikisana adali a chipani chimodzimodzi. Funso lidabadwa pamene anthu adasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993.

Tiyerekeze dera la anthu ovota 10,000 m'mene mwaima anthu asanu. Woyamba wapeza mavoti 2,800, wachiwiri 2,400, wachitatu 2,000, wachinayi 1,600 ndipo wotsiriza 1,200. Mwalamulo woyambayo ndiye phungu, chikhalirecho anthu 7,200 sadamfune. Izi zikachitika m'madera ambiri, chipani chikhoza kudzaza Nyumba ya Malamulo pamene anthu ochuluka m'dziko adachikana.

Eni dongosololi adaziona okha mu 2024. Chipani cha Labour chidapeza mavoti pafupifupi 34 mwa 100 alionse, koma chidatenga mipando 411 mwa 650. Chipani cha Reform UK chidapeza mavoti 14 mwa 100 alionse n'kutenga mipando 5 yokha, pamene cha Liberal Democrats, chimene mavoti ake adali ocheperapo, 12 mwa 100 alionse, chidatenga mipando 72. Chifukwa chake nchapafupi kuchiona. Mavoti omwazikana m'dziko lonse sabala mpando; obala mpando ndi mavoti ounjikana m'dera limodzi.

Apa ndi pamene pagona nkhawa yathu. Dongosolo lopindulira mavoti ounjikana limaphunzitsa zipani kumanga linga kwao m'malo moyendayenda kukapempha mtundu wonse. Pa chisankho cha 1994, mwa mipando 177, UDF idapeza 85, MCP 56 ndipo AFORD 36, ndipo mapu a zotsatirazo adafanana ndi mapu a zigawo zitatu za dziko lino. Sitikunena kuti dongosolo la mavoti ndilo lidabala tsankho la zigawo. Tikunena kuti limalinenepetsa, chifukwa wotsatira chipani china amene akukhala m'linga la eni ake amadziwa kuti voti yake ya phungu siipita patali, ndipo chipani chakecho sichiona chifukwa chomuyendera.

Pa mpando wa Pulezidenti vutoli tidalilawa mokwanira. Mu 2014 wopambana adapeza mavoti 36 mwa 100 alionse, ndipo mu 2019 adalengezedwa ndi osakwana 39. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti loona za malamulo aakulu a dziko lino lidafafaniza chisankho cha 2019, ndipo mwa zina lidagamula kuti wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka. Taonani chimene chidatsatira: zipani zimene zidapikisana mu 2019 zidagwirana manja, ndipo pa 23 Juni 2020 Dr Lazarus Chakwera adapambana ndi mavoti pafupifupi 59 mwa 100 alionse. Mu 2025 Pulofesa Peter Mutharika adapambana ndi pafupifupi 57. Ovota adali omwewo, midzi idali yomweyo. Chidasintha ndi lamulo la kawerengedwe, ndipo andale adasintha mayendedwe ao molingana nalo.

Tsono kodi titaye dongosolo la madera? Ife tikuti ayi. Munthu wa ku Chitipa, ku Nsanje kapena pa chilumba cha Likoma amadziwa phungu wake ndi dzina ndi nkhope. Mlatho ukakokoloka amadziwa khomo logogoda, ndipo phungu akagona, anthu amamchotsa pakatha zaka zisanu, monga Amalawi akhala akuchitira kawirikawiri. Ku South Africa mipando 400 ya Nyumba ya Malamulo imagawidwa molingana ndi mavoti a chipani chilichonse, kotero kuti mu 2024 ANC, itapeza mavoti 40 mwa 100 alionse, idalandira mipando 159. Masamu ake ndi achilungamo ndithu, koma phungu wolowera pa mndandanda wa chipani amaopa akuluakulu olemba mndandandawo kuposa anthu a kumudzi.

Pakati pa njira ziwirizi pali ina imene dziko la Lesotho lidaipeza kudzera m'misozi. Mu 1998 chipani cha LCD chidapeza mavoti pafupifupi 60 mwa 100 alionse, koma chidatenga mipando 79 mwa 80. Otsutsa adakana zotsatirazo, masitolo adatenthedwa mu mzinda wa Maseru, ndipo asilikali a South Africa ndi Botswana adalowa m'dzikomo. Kuyambira mu 2002 Lesotho idasunga madera ake 80 ndi kuonjezapo mipando 40 yolipirira zipani zimene mavoti ao sadabale mipando yokwanira m'madera. Njirayi nayo ili ndi minga yake, pakuti maboma a mgwirizano adagwa motsatizana mpaka dzikolo lidachita zisankho zitatu mu 2012, 2015 ndi 2017. Palibe dongosolo lopanda chilema, koma akuluakulu adati safunsa adadya phula. Nchanzeru kuphunzira pa mavuto a anzathu tisanakumane nao tokha.

Tili ndi mapempho atatu. Loyamba likupita ku bungwe loyendetsa zisankho. Malamulo aakulu a dziko lino akuti madera akhale ndi ovota pafupifupi ofanana chiwerengero, poganiziranso kayendedwe ndi kakhalidwe ka malo, ndipo kuti malire aziunikidwa nthawi ndi nthawi. Chonsecho madera 193 adakhala momwemo kuyambira 1999 mpaka pamene adafika pa 229 pa chisankho cha 2025. Kuchedwa kotereku kusabwerezedwe, chifukwa dera likakula mowirikiza linzake, voti ya munthu wa m'deralo imapepuka ndi theka.

Lachiwiri likupita kwa aphungu. Akambirane poyera ngati nkoyenera kuti phungu nayenso azipeza mavoti opitirira theka, kapena kuti pakhale mipando yoonjezera monga ku Lesotho, ndipo auze mtundu mtengo wa njira iliyonse, pakuti kubwereza chisankho m'madera ambiri kumadya ndalama za msonkho. Tikudziwa kuti nkovuta kupempha munthu kuti agwedeze makwerero amene iye mwini adakwererapo. Komabe nkhaniyi iyenera kukambidwa tsopano, chisankho chili kutali, pamene palibe amene akudziwa kuti lamulo latsopano lidzakomera yani.

Lachitatu likupita kwa aphunzitsi ndi akuluakulu a boma m'maboma onse. Chitsanzo cha mavoti 10,000 chija chikhoza kulembedwa pa bolodi m'kalasi iliyonse, ndipo mwana wa Sitandade 8 akhoza kuchitsata. Mwana amene wadziwa m'mene voti imasandukira mpando sadzanamizidwa msanga ndi wofuula za kuberedwa popanda umboni, ndiponso sadzakhala chete pamene chilungamo chapotozedwadi. Tiyeni tiwaphunzitse zimenezi chaka chino, tisadikire kuti misonkhano yokopa anthu iyambenso.