Mendulo ya Agogo Si Malonda

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amataya ndalama zambiri pogula tinsalu timene a chipani cha Nazi ankavala pamkono mu ulamuliro wa Adolf Hitler, kuyambira 1933 mpaka 1945. Kansalu kodziwika kwambiri nkofiira, ndipo pakati pake pali chizindikiro chakuda chotchedwa swastika. Popeza tabodza tachuluka pamsika, ogula amapenda kasokedwe kake ndi kufufuza kapepala kolembedwa RZM kamene kankaikidwa mkati mwake. Ena amachita kuunika ndi nyale ya ultraviolet, poti ulusi wamakono umawala.

Ine ndikuona kuti ambiri mwa anthuwa amaudziwa ulusi koma amuiwala munthu. Pamene ena ankanyadira swastika, Ayuda ambiri a ku Poland anakakamizidwa kuyambira 1939 kuvala pamkono kansalu koyera kokhala ndi nyenyezi ya Davide, kuti azigwidwa mosavuta. Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anaphedwa. Nchifukwa chake ku Germany lamulo limaletsa kuonetsa swastika pagulu, pokhapokha pophunzitsa kapena pofufuza mbiri. Chinthu cha kunkhondo chikasiyana ndi mbiri yake chimangosanduka katundu wapamsika.

Anzanga, tisayese kuti izi nzakutali. Nafenso tili nazo zotsala za nkhondo za Azungu. Hitler asanalamulire nkomwe, asilikali athu a King's African Rifles anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga mu September 1914, ndipo amuna ambirimbiri anatengedwa kukasenza katundu ngati amtengatenga. Kuno ku Chiradzulu, John Chilembwe wa ku Mbombwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914 kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo ya eni, nkusiya akazi ndi ana pa umasiye. Pankhondo yachiwiri asilikali athu anafika ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944.

Obwerako anadza ndi mamendulo, malamba, mabatani ndi timabuku ta usilikali. Nanga lero zili kuti? Zina chiswe chinadya, zina ana akuseweretsa pabwalo, zina zikudikira wamalonda woyamba kufunsa mtengo.

Kuzizindikira sikovuta. Mendulo zozungulira za nkhondo yoyamba zinalembedwa m'mphepete dzina la msilikali, nambala yake ndi gulu lake. Zambiri za nkhondo yachiwiri zilibe dzina ai. Yooneka ngati nyenyezi, yolembedwa Burma Star kapena Africa Star, imangotiuza kumene munthu anamenya nkhondo. Tsono ikachoka m'banja, ndani adzadziwe mwini wake?

Wina anena kuti njala ikavuta mendulo sidyedwa. Nzoona, koma ndalama yake itha sabata isanathe, pamene dzina la agogo latayika mpaka kalekale. Winanso ati zimenezi nza atsamunda, tizisungirenji? Sitizisunga kuti titamande atsamunda. Tizisunga ngati umboni wakuti thukuta ndi magazi zinali za makolo athu, monga Chilembwe ananenera. Chipilala cha asilikali ku Zomba chimakumbutsa dziko lonse, koma za mwana wa m'mudzi uno ndi uwo ndife oyenera kuzikumbukira.

Choncho tikapita kutchuthi tifunse akuluakulu akadali moyo, pajatu mawu a akuluakulu akoma akagonera. Tilembe m'kope dzina la msilikali, mudzi wake, kumene anapita ndi zimene ankasimba, kopelo tisunge pamodzi ndi menduloyo. Inunso makolo, ngati kusunga kwavuta, kuli bwino kupereka ku nyumba yosungiramo zakale ku Chichiri mu Blantyre kusiyana ndi kugulitsa kwa munthu wongodutsa. Iye adzasunga chitsulo chokha, agogo athu osawadziwa.