Kalulu wa ku China wakwera pachifuwa, wathu ali kuti?

Abale anga, chifuwa cha Mmalawi chidaona zambiri. Amene mudakula nthawi ya chipani chimodzi mukukumbuka bwino: baji ya nkhope ya Ngwazi pajekete, khadi la chipani m'thumba. Wopanda khadi kumsika sankalowa, basi ankangoiona ikupita. Pa 14 June 1993 nyali itagonjetsa tambala wakuda, ambiri adati basi, zifuwa zathu zipumeko. Kupuma kwake kuti? Adabwera matisheti, zipewa ndi zitenje, uyu wachikasu, uyu wabuluu, uyu walalanje. Nkhope zikungosinthana, koma chifuwa n'chomwechi ndipo ntchito yake sidasinthe: kunyamula mabwana.

Sabata ino tikambe za baji ina, yopanda nkhope ya bwana aliyense.

Kunjaku kudabuka kabizinesi kamene kuno sitidakatulukire. Anyamata ndi atsikana odziwa kujambula, ena mwa iwo ana a Matchaina okhala ku America, ku Canada ndi ku Mangalande, akumapangitsa timabaji tachitsulo, kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo la Fanta. Amatipaka utoto wolimba wonyezimira, wonga uja wa pambale ndi makapu achitsulo a agogo. Anthu amatigula n'kumatisunga monga ena ankasungira masitampa, ena amatibaya pachikwama, pachipewa kaya pajekete.

Chimene chandikoka ine si chitsulocho ayi, koma zimene ajambulapo. Pali Sun Wukong, pusi wamatama wa m'buku la Journey to the West, lomwe lidatuluka m'zaka za m'ma 1500. Pali nkhandwe ya michira 9, yotchulidwa m'buku la Shan Hai Jing lomwe lakhalapo zaka zoposa 2,000. Pali chinjoka chawo, chomwe kwa iwo si chilombo cha m'buku la Chivumbulutso, koma mwini mvula ndi mitsinje. Ndiye pali mayi Chang'e amene amati adathawira kumwezi, komwe amakhala ndi kalulu wosinja mankhwala mumtondo. Mwamva? Kalulu ndi mtondo! Bwenzi mukuti nthanoyi idachokera ku Ekwendeni.

Ndipotu eni ake sachita nazo manyazi. Zombo zimene dziko la China limatumiza kumwezi adazitcha Chang'e, ndipo kagalimoto kamene adakatsitsira kumeneko mu 2013 adakatcha Yutu, dzina la kalulu yemwe uja. Mu 2024 masewero apakompyuta a Black Myth: Wukong adagulidwa makope 10 miliyoni m'masiku atatu okha. Nthano za agogo zikulipira lendi, abale inu.

Nanga mwana wongodziwa kujambula, wopanda mpamba, ndalama amazitenga kuti? Apa ndiye pagona nkhani. Kuti baji ipangidwe, fakitale imayamba yasema chikombole chachitsulo cha chithunzicho. Chikombolecho chimadinda chithunzi pachitsulo, kenaka amathira utoto m'timipata, n'kuotcha, n'kupukuta, n'kumata kaphini kumbuyo. Chodula kwambiri ndi chikombole. Ukafuna baji imodzi, mtengo wonse wa chikombole ugwera pa imodziyo. Ukafuna 100 kaya 500, mtengo umagawanika. Aliyense amene adaumbapo njerwa akudziwa: palibe amakhomesa chikombole kuti aumbe njerwa imodzi.

Ndiye wojambula uja amaika chithunzi chake pa intaneti, pamalo ngati Kickstarter amene adayamba mu 2009, n'kunena kuti: "Ndikufuna ndalama zakuti pofika tsiku lakuti. Amene alonjeza zakuti, ndidzamutumizira baji." Anthu amalonjeza. Ndalama zikakwana, fakitale imayamba ntchito ndipo eni malowo amadulapo 5 peresenti. Zikapitirira, wojambula amawonjezera zithunzi zina. Koma mvetsetsani apa: zikapanda kukwana pofika tsikulo, palibe amalipira ngakhale tambala imodzi. Aliyense ndalama yake imatsala m'thumba mwake.

Tsono ndikufunseni, chachilendo n'chiyani pamenepa? Si chipereganyu chomwechi? Amayi a ku Chibavi, ku Mchengautuwa ndi ku Zolozolo akhala akuyendetsa banki m'khonde opanda kompyuta. Paukwati timavina perekaniperekani mpaka lichero kudzaza. Pamaliro mbale imayenda khomo ndi khomo, bokosi n'kugulidwa, galimoto yopita kumudzi n'kupezeka tsiku lomwelo. Masiku ano Airtel Money ndi Mpamba zidafupikitsa ulendo, m'bale ali ku Johannesburg amasonkha nawo asanavale ndi nsapato. Kusonkha ndiye timatha, palibe angatiphunzitse. Vuto lathu n'lakuti timasonkhera munthu akagona m'bokosi. Mwana wamoyo akabwera ndi chojambula m'manja, timamuuza kuti, "Pita ukafune ntchito yeniyeni."

Kapena mukuti nthano zoika pabaji tilibe? Ife a kumpoto kuno tisayerekeze n'komwe kulankhula choncho. Tili ndi Mlowoka, amene adaoloka nyanja ndi malonda a minyanga, n'kukopa anthu a ku Nkhamanga powagawira makasu, nsalu ndi mikanda, mpaka ufumu wa Chikulamayembe udayambira pamenepo. Khasu limenelo silingakhale pabaji? Tili ndi Chikang'ombe, mzimu umene makolo ankati umayenda ngati njoka yaikulu m'mphepo. Tili ndi dziwe la Kaulime pamwamba pa Nyika, lomwe akuluakulu ankaliopa ndi kulilemekeza. Tili ndi Zwangendaba, amene adaoloka Zambezi mu November 1835 kadamsana ataphimba dzuwa. Tangoganizani kabaji kakuda, dzuwa litadyedwa, chishango pansi pake. Ndani wa ku Mzimba angakadutse?

Tikatsikira kumwera tipeza Napolo, amene anthu a ku Zomba adamutchula mu 1946 ndipo a ku Phalombe adamulira mu 1991. Chinjoka cha Matchaina chili ndi mbale wake kuno, kungoti ifeyo timamukumbukira pokhapokha phiri likagumuka. Pali bilimankhwe amene adachedwa ndi uthenga wa moyo mpaka buluzi adamupitirira ndi uthenga wa imfa. Pali kalulu wathu, kathyali wopusitsa njovu ndi fisi. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza kuti Vimbuza ndi Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Alendo adaona, ife eni tikuyang'anabe kumbali.

Msikanso ulipo. Chaka ndi chaka anthu amakhamukira ku Bolero kumwambo wa Gonapamuhanya ndi kuphiri la Hora kumwambo wa Umtheto. Zaka zina mwambo wa ku Bolero udasokonezekapo chifukwa cha anyamata a zipani ndi makaka awo. Bwanji pachifuwa pa munthu wopita kukalemekeza makolo pakhale khasu la Mlowoka m'malo mwa nkhope ya wandale? Palinso ophunzira a pa Mzuni, palinso abale athu ali ku Joni amene amalakalaka kanthu kakwawo. Ndiye pali mlendo wopita ku Nkhata Bay kapena ku Livingstonia. Timamuonetsa mvuu yosema ndi mpando wachifumu, iye n'kumaganiza za kulemera kwa chikwama pandege. Kabaji kamalowa m'thumba la malaya.

Musaganize kuti ndikukulonjezani uchi wopanda njuchi. Walira mvula walira matope.

Choyamba, Kickstarter salola munthu wokhala ku Malawi kutsegula msonkhamsonkha wake. Chabwino, asunge chawocho. Chimene tikufuna kwa iwo si khomo lawo koma nzeru yake, ndipo nzeruyo ingayende pa WhatsApp ndi pafoni ya m'manja.

Chachiwiri, mafakitale ambiri a timabajiti ali ku China komweko, m'mizinda ngati Kunshan ndi Zhongshan, ndipo safuna kwacha, amafuna madola. Kwacha yathu mukuidziwa: mu November 2023 idagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Wosonkhetsa ndalama lero n'kukalipira patatha miyezi itatu akhoza kupeza kuti ndalama za mabaji 100 zikungokwana 60. Choncho wanzeru atseke msonkhamsonkha msanga, alipire msanga.

Ena mufunsa kuti, kalulu wathu akadindidwe ku China? Inde, poyamba. Fakitale ilibe mtundu. Ukaituma kalulu wa ku Beijing idinda, ukaituma wa ku Rumphi idindanso. Funso n'lakuti wotumayo ndani, ndipo phindu likulowa m'thumba mwa yani. Pitani pamsika wa Taifa mukaone zitenje zimene timati ndi chikhalidwe chathu, mufunse kumene zidadindidwa. Tikagona, tsiku lina tidzapeza chishango cha Angoni chili pashelefu m'sitolo ya mlendo, wojambula wake sadapondepo ku Mzimba, ife n'kumapanga mzere kukagula. Pamenepo tidzadandaulira yani?

Chachitatu ndiye chachikulu, ndipo tisanamizane: msungichuma. Ndani mumzinda muno amene sadamvepo za banki m'khonde imene idatha chifukwa wosunga bokosi adasowa usiku? Ndani sadasonkhepo za jezi ya timu yampira, jeziyo osaoneka mpaka lero? Chimene chimapha msonkhamsonkha kuno si umphawi, ndi kudyerana. N'chifukwa chake ndakomedwa ndi lamulo lija lakuti ndalama zikapanda kukwana, aliyense atenge zake. Ifenso tingatero. Pakhale kaundula woonekera kwa onse: wasonkha ndani, zingati, zatsala zingati. Ndalama zisakhale m'foni ya munthu mmodzi. Tsiku lotseka lidziwike. Likafika zisanakwane, zibwezedwe sabata yomweyo, popanda nkhani ya "dikirani pang'ono, ndidabwerekako". Kungochita zimenezi kawiri katatu mokhulupirika, anthu adzayamba kubwera okha.

Chomaliza, si chilichonse chimene chingabayidwe pajekete. Vimbuza si gule wongosangalatsa, ndi mankhwala, anthu amachira nawo. Gule Wamkulu ali ndi eni ake ndi zinsinsi zake za kudambwe. Mwana wa m'tauni asangodzuka n'kujambula chilombo chimene sadziwa dzina lake, mawa n'kumagulitsa pa depoti. Apite kwa mafumu, akhale pansi ndi akuluakulu, afunse chimene chingatuluke pabwalo ndi chimene chiyenera kutsala m'nyumba. Lamulo la dziko lino la umwini wa zaluso limanenanso kuti nthano, magule ndi zaluso za makolo boma limazisunga m'malo mwa anthu onse, choncho wofuna kuchita nazo malonda ayambe wafunsa kuboma. Ndipo gawo la phindu libwerere kumudzi kumene nthanoyo idachokera.

Kwa anzanga a kutchalitchi amene mwayamba kale kugwedeza mutu kuti izi n'zachikunja, ndikuti pepani, khalani pansi. Palibe akukuuzani kuti mupembedze kalulu. Agogo anu omwe adamanga matchalitchi a njerwa ku Livingstonia ndi ku Bandawe ndi omwewo ankakusimbirani nthanozi madzulo pamoto, ndipo Lamulungu ankatsogolera nyimbo. Mwana wanu akuvala kale tisheti ya Spider-Man, simudatipo kanthu. Kangaude wa ku New York ndi woyera, kalulu wa kwanu ndiye wachikunja?

Tsono inu achinyamata a ku Luwinga, ku Katoto ndi ku Chiputula amene mumajambula zikwangwani za masaluni ndi mabala, musayambe ndi zithunzi 20. Yambani ndi chimodzi. Chijambuleni bwino, chionetseni kwa eni nthano, funsani mtengo wa chikombole, pezani anthu 100 olonjeza, lembani mayina awo poyera. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu 100 ingasenze kabaji kamodzi. Ndipo inu mabwana a mumzinda uno amene pamaliro mumaponya ndalama zambiri kuti dzina lanu liwerengedwe mokweza, yesani kamodzi kuponyera mwana wamoyo. Dzina lanu tidzaliwerengabe.