CHALA CHIMODZI SICHISWA NSABWE

M'sukulu zambiri mwana amaloŵeza kuti zinki ndi mchere wofunika m'thupi, nalemba mayeso, naiŵala. Amaiŵala chifukwa sanauzidwe ntchito yeniyeni ya mcherewo. Kuphunzitsa kotere n'kumpatsa mwana gaga, mphale n'kumubisira.

M'chaka cha 1985 Aaron Klug, amene anakulira ku Durban, ankafufuza ndi anzake ku Cambridge puloteni yotchedwa TFIIIA, yopezeka m'mazira a chule wam'madzi wa ku Afirika, Xenopus. Anapeza kuti puloteniyo ili ndi timagawo 9 tofanana. Kalikonse n'kachingwe ka ma-amino asidi pafupifupi 30, kopindikira pa atomu imodzi ya zinki. Timagawoto anatitcha zala za zinki.

Nanga zinkiyo ikufunikiranji? Puloteni yaikulu imadzipinda yokha n'kukhazikika, koma kachingwe kakafupi chotere sikangaime pakokha. Zinki ndiyo mzati wake. Ma-amino asidi anayi, cysteine aŵiri ndi histidine aŵiri, amaigwira molimba ngati mapaso pamzati. Ikachoka, chala chimalefuka, ntchito n'kuima.

Ntchitoyo inaoneka bwino mu 1991, pamene Pavletich ndi Pabo anasonyeza zala zitagwira DNA, mmene mumasungidwa malangizo a thupi. Chala chilichonse chimazindikira zilembo zitatu. Zilembo zitatu zofanana zimapezeka paliponse mu DNA, choncho zala zimandondozana kuti zipeze malo amodzi oyenera, ndi kutsegula kapena kutseka malangizo a pamenepo. Akulu sananame: chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Kuchuluka kwa zalazi kunadza pang'onopang'ono. M'mibadwo yosaŵerengeka, kachidutswa ka DNA kopanga chala kankakopedwa kaŵiri mwangozi. Chala chatsopanocho chinkasintha mbali yoŵerengera zilembo, koma anayi ogwira zinki aja n'kukhala osasinthika. N'chifukwa chake chala chomwechi chili mu yisiti, m'zomera ndi mwa munthu, amene ali ndi mitundu pafupifupi 700 ya mapuloteni otere.

Izi si nkhani za ku yunivesite kokha. Thupi silipanga zinki, ndipo nsima ya ufa woyera ili nayo yochepa. Mwana wodziŵa kuti m'maselo ake muli zala zodalira mchere umenewu sadzaona usipa, nyama, nyemba ndi mtedza ngati zongotsitsira nsima. Mphunzitsi amene wamufotokozera zimenezi waphunzitsa sayansi, wasamalanso moyo wa m'mudzi.