Chenjezo: Musanakwere ndege ya ku Bangkok, werengerani mtengo wobwerera

Ngati m'foni mwanu mwafika uthenga wa ntchito ya ku Thailand, Cambodia, Laos kapena Myanmar, wonena kuti tikiti ya ndege akulipirirani, pogona ndi chakudya n'zaulere, malipiro ndi a madola, ndipo chofunika n'kudziwa Chingerezi ndi kutaipa pakompyuta basi, imani kaye. Musatumize chithunzi cha pasipoti yanu. Musagulitse munda, njinga yamoto kapena ng'ombe za bambo anu. Werengani izi mpaka kumapeto, mukatero mukawawerengerenso makolo anu.

Chimene chikukopa anthu ndikuchidziwa, ndipo sindikunyoza aliyense. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mwana amene makolo anamuvutikira mpaka kukoleji akukhalira kuzungulira ndi envulopu ya makalata m'maofesi a ku Lilongwe ndi Blantyre, nsapato mpaka kutha chidendene. Wina akamuuza kuti kuli dziko limene mbale ya mpunga ndi ndiwo ndi dola imodzi kapena awiri, chipinda n'chotchipa, intaneti ndi yothamanga, mtima umanyamuka. Ndipo zimenezo si zabodza. Ku Phnom Penh, likulu la Cambodia, zinthu n'zotchipadi, dola ya ku America imayenda pamsika limodzi ndi ndalama yakumeneko yotchedwa riel, ndipo dola imodzi ndi mariel pafupifupi 4,000. Makanema a pa YouTube ndi TikTok a anthu akudyerera m'mphepete mwa nyanja ndi enieni. Koma ambiri mwa anthu amenewo ali ndi mapasipoti a ku Britain kapena America, ndalama zawo zimachokera kwawo, ndipo zinthu zikavuta kazembe wawo ali mumzinda momwemo. Masamu awo si anu.

Mtengo wa mpunga ndi lendi ndi wa masiku abwino. Dziko loopsa limakulipiritsani tsiku limene zinthu zasokonekera ndipo mukufuna kutulukamo. Mtengo umenewo olemba anthu ntchito sautchula.

Pa 1 Febuluwale 2021 asilikali a ku Myanmar analanda boma n'kutsekera mtsogoleri wa dzikolo Aung San Suu Kyi, ndipo kuyambira pamenepo dzikolo lili pa nkhondo yapachiweniweni. M'malire ake ndi Thailand, kufupi ndi tauni ya Myawaddy, muli madera amene mawu omaliza ndi a magulu a mfuti. Kumeneko kunamangidwa mipanda ikuluikulu monga KK Park ndi Shwe Kokko: nyumba zosanja, makoma a waya waminga, alonda a mfuti pachipata. Ku Cambodia nkhaniyi inakula kwambiri ku Sihanoukville, tauni ya kudoko imene inadzaza ndi nyumba za juga. Boma litaletsa juga ya pa intaneti mu 2019, kenako Covid-19 n'kuthamangitsa alendo, nyumba zija zinatsala zopanda anthu, ndipo magulu a zigawenga anazisandutsa maofesi obera anthu pa intaneti. Mu Ogasiti 2023 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inanena kuti anthu osachepera 120,000 ku Myanmar ndi pafupifupi 100,000 ku Cambodia akhoza kukhala akugwiritsidwa ntchito imeneyi mokakamiza. Mu Juni 2025 bungwe la Amnesty International linati lapeza mipanda 53 yotere ku Cambodia kokha.

Ulendo wake umayamba bwinobwino. Mumatera pabwalo la ndege ku Bangkok, dalaivala akukudikirirani, n'kukuuzani kuti kuofesi si kutali. Galimoto imayenda maola ambiri, mtunda wa makilomita pafupifupi 500, mpaka ku Mae Sot, tauni ya m'malire a Thailand ndi Myanmar. Pamenepo pali mtsinje wa Moei, wopapatiza, woti paboti ndi mphindi zochepa muli tsidya lina. Tsidya linalo ndi Myanmar. Mwalowa popanda chidindo, ndiye kuti mwaphwanya kale lamulo musanayambe ntchito. Pachipata amakulandani pasipoti ndi foni.

Ntchito yake ndi iyi: kukhala pakompyuta maola ochuluka tsiku lililonse, kudziyesa mkazi wokongola kapena munthu wabizinesi, kucheza ndi mlendo wa ku America kapena ku Ulaya kwa milungu mpaka akukhulupirireni, kenako kumunyengerera kuti aike ndalama zake mu bizinesi yabodza ya crypto. N'chifukwa chake akufuna anthu odziwa Chingerezi, n'chifukwa chakenso atembenukira kwa ife a ku Africa. Amene anapulumukako, a ku Kenya, Uganda, Ethiopia ndi maiko ena, akusimba zofanana: ukalephera kufikitsa ndalama zimene akuikira umamenyedwa, kugwiritsidwa shoko ya magetsi, kumanidwa chakudya, kutsekeredwa m'chipinda chamdima, kapena kugulitsidwa kumpanda wina ngati mbuzi. Ukati ndikufuna kupita kwathu, amakuwerengera ngongole ya tikiti, chakudya ndi pogona zija zinali zaulere, madola masauzande, n'kuuza abale ako kuti atumize. Ena amalonjezedwa ufulu akabweretsa anzawo olowa m'malo mwawo. Choncho uthenga wochokera kwa mnzanu wa kusukulu wonena kuti kuno zikuyenda si umboni. Mwina akulemba munthu wa ndodo ataima kumbuyo kwake.

Pali nkhani imodzi imene ndikufuna muiganizire mofatsa. Mu Januwale 2025 Wang Xing, wochita zisudzo wa ku China, anaitanidwa ku Thailand kuti akajambule filimu, n'kupezeka ali ku Myanmar atametedwa mpala. Chibwenzi chake chinalira pa intaneti, anthu mamiliyoni a ku China anakwiya, ndipo m'masiku ochepa anamutulutsa. Pa 5 Febuluwale dziko la Thailand linadula magetsi, mafuta ndi intaneti zopita kumadera a mipanda ija ku Myanmar, ndipo anthu oposa 7,000 anatulutsidwa m'mipanda. Kutuluka m'mpanda sikunali kufika kwawo. Anaunjikidwa m'misasa ya m'malire, malo othithikana ndi osowa zimbudzi zokwanira, kudikira kuti maboma awo awatsimikizire ndi kuwapezera matikiti. A ku China anatumiziridwa ndege. Anthu 23 a ku South Africa anafika kwawo mu Malichi. Ena a ku Africa, makamaka a ku Ethiopia, anakhala m'misasamo miyezi. Tsono dzifunseni: inu mukasowa, adzakulirirani ndani mpaka boma lachilendo ligwedezeke? Malawi alibe ofesi ya kazembe ku Myanmar, Cambodia kapena Laos. Akazembe athu a mbali imeneyo ali ku Beijing, New Delhi ndi Tokyo, mtunda wa maola ambiri pandege. Tinaona kale ndi amayi oposa 50 amene anavutikira m'nyumba za ku Oman, nkhani imene BBC inaulutsa mu 2024, mmene zimavutira kubweza munthu kuchokera kudziko kumene tilibe woimira.

Ena adzati: ine sindikupita kumipanda, yanga ndi ntchito yeniyeni yophunzitsa Chingerezi, kapena ndizigwira ntchito yanga ya pa intaneti n'kumakhala kotchipa. Ntchito zenizeni ziliko, sindikukana. Koma nanunso khalani pansi ndi cholembera.

Viza ya alendo ya ku Cambodia ndi ya masiku 30, ndipo sikuloleza kugwira ntchito. Ikatha muli komweko, chindapusa ndi madola 10 patsiku. Chaka chimodzi ndi madola 3,650, ndipo simutuluka musanalipire. Ku Thailand ndi mabaht 500 patsiku mpaka kufika 20,000, ndipo mukapyola kwambiri amakuletsani kubwereranso. Bwana amene akuti lowani kaye ngati mlendo, mapepala tikonza mukafika, wakuikani m'manja mwake, chifukwa tsiku limene mudzafune kudandaula kupolisi woyamba kumangidwa ndinu.

Matenda nawo sayang'ana kuti mpunga ndi wotchipa. Kumeneko kuli dengue, matenda a udzudzu oti thupi lathu silinawazolowere, ndipo ngozi za njinga zamoto n'zatsiku ndi tsiku. Zipatala zabwino n'zolipira, zimafuna ndalama kapena inshuwalansi patsogolo, ndipo ku Cambodia wovulala kwambiri nthawi zambiri amamutumiza ku Bangkok kapena Singapore. Kwathu ukagonekedwa ku Kamuzu Central kapena ku Queens, mlongo wako amabwera ndi phala m'mawa n'kugona pansi pa bedi lako. Kumeneko adzakudikirirani ndani?

Nkhondo ndi masoka sizipereka notisi. Pa 28 Malichi 2025 chivomezi cha mphamvu ya 7.7 chinagwedeza dera la Mandalay ku Myanmar n'kupha anthu oposa 3,000, m'dziko limene zipatala zake zinali zitafooka kale ndi nkhondo. Mu Julayi chaka chomwecho asilikali a Thailand ndi Cambodia anawomberana masiku asanu, anthu oposa 200,000 anathawa m'nyumba zawo, ndipo zipata za m'malire zinatsekedwa. Tsiku lotero eni dziko amathawira kwa abale kumudzi. Mlendo amafunika tikiti, ndipo tikiti yochoka kumeneko kudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi mpaka ku Lilongwe imadya zonse zimene munasunga chifukwa cha lendi yotchipa ija.

Pali china chimene sitikonda kuchitchula. Tonse tikudziwa mmene abale amasonkhera kuti maliro a ku Joni afike kumudzi, pamene kumeneko ndi ulendo wa pamsewu. Ganizirani bokosi lochokera ku Phnom Penh. Mwambo wofala kumeneko ndi kuwotcha mtembo. Mayi anu adzalira pamanda a ndani?

Ngati mwaganizabe zopita, musanyamuke ndi mawu apakamwa. Pakhale kontirakiti yolembedwa, yokhala ndi dzina la kampani, adilesi ndi malipiro, ndipo mupite nayo ku Unduna wa Zantchito akaione. Viza yogwirira ntchito ikhale yotsimikizika musanakwere ndege. Tikiti yobwerera ikhale m'dzina lanu, ndipo mukhale ndi ndalama zapadera zoti simuzikhudza, zokwana kubwerera ndi kudwala. Ngati zimenezo mulibe, ulendowo simunaukwanitse, ngakhale wina akulipirireni zonse. Wolipira zonseyo ndiye woyenera kumuopa kwambiri. Pasipoti isachoke m'manja mwanu. Siyani fotokope yake kunyumba, ndipo mugwirizane ndi m'bale mmodzi mawu achinsinsi oti mukawalemba adziwe kuti muli pamavuto. Mukatera ku Bangkok n'kumva kuti ntchito ija yasamukira tauni ina, kapena kuti muyenda pagalimoto usiku, musakwere. Khalani m'bwalo la ndege momwemo, pitani kwa apolisi. Manyazi obwerera chimanjamanja amatha, ndipo anthu amaiwala.

Inu amene mukutolera mayina a achinyamata kutchalitchi, kumzikiti kapena m'magulu a WhatsApp chifukwa wina wakulonjezani kenakake pa mutu uliwonse, dziwani kuti lamulo la Malawi la 2015 loletsa kuzembetsa anthu limapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende, ndipo chimakula ngati wozembetsedwayo ndi mwana.

Abusa, mashehe, mafumu ndi aphunzitsi, lengezani uthengawu pamene pasonkhana anthu. Makolo, mwana akabwera ndi nkhani ya ntchito ya kutali yosafuna satifiketi, mufunseni dzina la kampani, tauni imene akakhale, ndi amene akamuthandize akadwala. Ndipo ngati muli ndi m'bale amene anapita kale kumeneko, amene mauthenga ake afupika, safuna kuyankhula pavidiyo, kapena wayamba kupempha ndalama zoti amumasule, musabise chifukwa cha manyazi. Pitani kupolisi ndi ku Unduna wa Zakunja lero lomwe, mutatenga fotokope ya pasipoti yake ndi mauthenga onse amene anakutumizirani.