Mutu ukakula sulewa katuni

Ine ndikagula nyuzipepala sindiyambira pa tsamba loyamba ayi. Ndimathamangira kaye pa katuni, ndipo ndikudziwa kuti ambiri a inu, kaya mu minibasi kaya pa benchi ya mumsika, mumachita chimodzimodzi. Nkhani ya ndale ya tsamba lathunthu imafuna nthawi, koma kachithunzi kamodzi munthu amakamva nthawi yomweyo, ngakhale amene chizungu chimamuvuta. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya wojambula makatuni, ndiponso ndi pamene pamachokera mavuto ake.

Taonani za Jonathan Shapiro wa ku South Africa, amene amadziwika ndi dzina loti Zapiro. M'chaka cha 2006, a Jacob Zuma ali pa mlandu wogwirira mayi wina, anauza khothi kuti atagona ndi mayiyo, yemwe ankadziwa kuti ali ndi kachilombo ka HIV, anakasamba pofuna kuchepetsa mpata wotenga matendawa. Mlanduwo anapambana, koma Zapiro anayamba kuwajambula ndi mpopi wa shawa utamera pamutu. Atakhala pulezidenti mu 2009, shawa ija sinaiwalike. Kodi ndi nkhani yanji yolembedwa imene ikanakumbutsa anthu mawu amenewo kwa zaka zonsezo?

Mu Seputembala 2008 Zapiro anajambula mu Sunday Times chithunzi chowawa kwambiri: a Zuma akumasula lamba, anzawo andale atapanikizira pansi mayi woimira chilungamo. A Zuma anasumira iye ndi nyuzipepalayo, kufuna chipukuta misozi cha ma Rand 5 miliyoni. Mu Okutobala 2012, mlandu utatsala pang'ono kulowa m'khothi, anauchotsa okha.

Tsono funso langa nali: n'chifukwa chiyani Zapiro sanagonje? Kulimba mtima anali nako, pajatu munthuyu anatsekeredwapo ndi apolisi a boma la tsankho mu 1988. Koma kulimba mtima pakokha sikulipira loya. Chinamupulumutsa n'chakuti nyuzipepala yake inaima naye mpaka kumapeto.

Fananitsani ndi Godfrey Mwampembwa, mkulu wa ku Tanzania wodziwika kuti Gado, yemwe anajambulira Daily Nation ya ku Kenya kuyambira 1992. Iyeyu sanamangidwe. Ntchito inangomuthera mu 2016, ndipo mwiniwake ananena kuti eni nyuzipepala anagonjera akuluakulu a boma amene makatuni ake ankawabaya. Mwaona nanga? Njira yotsekera pakamwa wojambula si ndende yokha ayi. Nyuzipepala imadya za otsatsa malonda, ndipo boma ndi mmodzi wa otsatsa akuluakulu. Inu a bizinesi mukudziwa bwino mmene munthu amalankhulira mofatsa ndi kasitomala amene amagula kwambiri.

Sindikunena kuti ojambula ndi angelo. Zapiro yemweyo mu 2016 anajambula mkulu woimira boma pa milandu, Shaun Abrahams, ngati nyani, anthu ambiri n'kukwiya poona kuti m'dziko lomwe akuda ankanyozedwa motero chithunzicho chinali chotukwana. Anadzudzulidwa poyera ndipo anavomera kuti analakwitsa. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira: wojambula akaphonya, owerenga amuyankhe, osati nduna imuimbire foni mkonzi usiku.

Kuno kwathu gawo 36 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limapereka ufulu kwa atolankhani. Koma ufulu wa papepala sudziteteza wokha. Ophunzira inu, ndi inu amalonda, mukaona katuni imene munkaikonda yasowa mwadzidzidzi, kapena yayamba kungoseka zidakwa ndi apongozi n'kusiya andale, musangoti zimachitika. Lemberani mkonzi kalata, mumufunse kuti wojambula uja wapita kuti.

Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene wapempha mavoti athu avomerenso kuti mphuno yake idzajambulidwa yaikulu kuposa mmene ilili.