Sikirini ya m'galimoto ikazima, sizithera pa nyimbo zokha

Tchuthi chapitachi ndinakhala kwa amalume anga ku Lilongwe, ndipo kumeneko ndinaphunzira kuti galimoto ya masiku ano ikhoza kudwala injini ili bwinobwino. Amalumewo ali ndi kagalimoto kamene anaitanitsa ku Japan, kanatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe monga zimachitira zambiri. Kanayenda chaka chathunthu popanda vuto. Kenako batire linafooka, tinagula lina, mnyamata wa pagaraja n'kulimangirira. Injini inalira titangopotokola kiyi. Koma sikirini ya pakati ija, imene imakhala wailesi, mapu ndi kamera yoonera kumbuyo, inangoyaka n'kuonetsa mzere umodzi wa zilembo za Chijapanizi. Tinadina mabatani onse, koma sinasunthe.

Ndinailozetsa kamera ya foni kuti Google Translate itimasulire. Uthenga wake unali wakuti tilowetse khadi la SD. Titatsegula pamalo pake, munalibe kanthu. Makina ambiri a mtunduwu amasunga pulogalamu yawo pa khadi la mapu, ndipo magetsi akadulidwa amafuna kuiwerenganso pakhadipo kuti adzuke. Khadi lathu linasowa penapake pakati pa Japan ndi Malawi ife osadziwa, chifukwa chaka chonsecho batire linali lisanachotsedwepo.

Amalume anangoti, "Zisiye mphwanga, bola ikuyenda. Nyimbo tiziimba tokha." Tinaseka. Patapita masiku anayi kuseka kunatha. M'mawa akubweza galimoto chambuyo kuti atuluke pageti, maso awo anapita pa sikirini monga anazolowerera, n'kupeza zilembo zomwe zija. Kumbuyo kunali kamwana ka aneba, ka zaka zitatu, katawerama kutola mpira. Akazi awo ndi amene anakuwa ali pakhonde. Palibe anavulala, koma tsiku limenelo amalume sanadye nsima bwino.

Maganizo anga ndi akuti tisiye kuona sikirini ya m'galimoto ngati chokongoletsera. Ikafa tiziiwerengera pamodzi ndi mabuleki olira kapena nyali yothima. Ndipo ife ogula galimoto zogwiritsidwa kale ntchito tiyenera kusamala kuposa aliyense, chifukwa ikavuta tilibe kothawira.

Wina anganene kuti vutoli ndi lathu lokha chifukwa timagula zakale. Ayi ndithu. Kumayambiriro kwa 2022, mumzinda wa Seattle ku America, eni galimoto za Mazda zopangidwa pakati pa 2014 ndi 2017 amene ankamvera wailesi ya KUOW pa 94.9 anadzidzimuka kuona masikirini awo akungozima n'kuyaka osalekeza. Wailesiyo inatumiza kachithunzi kamene dzina lake linalibe zilembo za kumapeto zosonyeza mtundu wa fayiloyo, ndipo pulogalamu ya m'galimoto inasokonezeka osabwereranso. Mankhwala ake anali kusintha kachipangizo ka madola pafupifupi 1,500, kamene panthawiyo kankasowa. Taganizani, kachithunzi kamodzi kochokera mumlengalenga kupha makina a galimoto zambirimbiri.

Mu February 2021, kampani ya Tesla inaitanitsa galimoto pafupifupi 135,000 za Model S ndi Model X bungwe loona za chitetezo cha pamsewu ku America, NHTSA, litaiumiriza. Kachipangizo kosungira zinthu ka 8GB ka m'kati mwa sikirini kankatha mphamvu chifukwa cholembedwapo mobwerezabwereza. Kakatha, sikirini inkazima, ndipo pamodzi nayo kamera yakumbuyo ndi poyatsira mpweya wochotsa nthunzi pagalasi lakutsogolo. Zikalata za nkhaniyi zinasonyeza kuti kachipangizoko kanali ndi moyo wa zaka 5 kapena 6 basi. Apa ndi pamene ine ndimaima kaye. Galimoto zambiri zimafika kuno zitadutsa kale msinkhu umenewo. Injini yosamalidwa bwino ingathe kutumikira munthu zaka 20, koma kakompyuta kamene anailumikiza nako mwina sanakapange kuti kafike kumeneko.

Palinso nkhani ya mu 2015, pamene akatswiri awiri, Charlie Miller ndi Chris Valasek, analowa pa intaneti m'makina a Jeep Cherokee kudzera pa sikirini yake ya Uconnect, iwo ali kutali, n'kuifooketsa ili pamsewu waukulu. Fiat Chrysler inaitanitsa galimoto 1.4 miliyoni kuti ikonze pulogalamuyo. Zinatheka bwanji kuchokera pa wailesi kukafika ku injini? M'galimoto muli makompyuta ang'onoang'ono ambiri amene amayankhulana kudzera pa mawaya otchedwa CAN bus, njira imene kampani ya Bosch inayambitsa m'zaka za m'ma 1980. Sikirini ndi chiwalo cha thupi limenelo. Choncho amene akuiseweretsa akuseweretsa galimoto yonse.

Kusiyana kwa iwo ndi ife kuli apa. Wa ku Seattle anapita kwa dila, ndipo Mazda inavomera kusintha kachipangizoko mwaulere. Wa Tesla analandira kalata yomuitana. Nanga amalume anga akanalandira kalata ya ndani? Galimoto yawo anaipangira msika wa ku Japan. Mapu ake ndi a misewu ya kumeneko, chiyankhulo chake n'cha kumeneko, ngakhale wailesi yake ya FM imayambira pa 76 n'kulekezera pa 90, pamene zathu zili pakati pa 87.5 ndi 108. N'chifukwa chake Capital FM pa 102.5 simungaipeze musanaike expander. Ngati wopanga atapeza vuto m'pulogalamu n'kuitanitsa galimotozo, uthengawo umapita kwa eni ake olembedwa m'kaundula wa ku Japan. Ife ndife eni achiwiri kapena achitatu amene wopangayo sadziwa n'komwe kuti tilipo.

Anzanga ena pano pasukulu amati ndikukulitsa nkhani. Amati ukangozula makina a Chijapaniziwo n'kuikapo wailesi ya Android yogula mutauni, zonse zatha, uli ndi Chingerezi, Bluetooth ndi mapu a kwathu. Mfundo yawo ndikuimva, ndipo nthawi zina imeneyo ndiyo njira yanzeru komanso yotchipa. Koma ndaonapo m'mene ntchitoyo imagwiridwira m'malo ena: mawaya kudulidwa ndi lumo, kupotedwa ndi zala, kukulungidwa ndi tepu. Mawa lake mabatani a pachiwongolero sakugwira, kamera yoyambirira yasiya chifukwa inkafuna magetsi ochepa kuposa amene aipatsa, kapena batire likutha usiku galimoto ili chiimire chifukwa wailesiyo sikugona. Ndipo pa galimoto zatsopanoko, zimene mpweya wozizira ndi zina zonse zimasinthidwira pa sikirini, kuizula n'kuzula theka la dashibodi. Walira mvula walira matope.

Ena amati dalaivala weniweni safuna kamera, magalasi alipo. N'zoona kuti amalume anayenera kutembenuka, ndipo iwo eni anavomera. Koma kamwana kowerama kumbuyo kwa bampala sikaoneka pagalasi lililonse. Ichi n'chifukwa chake ku America, kuyambira mu May 2018, galimoto yatsopano iliyonse imayenera kukhala ndi kamera yakumbuyo mwalamulo. Komanso munthu akazolowera chida kwa chaka, maso ake amathamangira komweko asanaganize. Chida chimene chimagwira lero n'kuzima mawa chimaopsa mwa njira yakeyake.

Ndiye sikirini ikauma kapena ikayamba kuzimazima, tichitenji? Choyamba, musalimbane nayo galimoto ikuyenda. Imani pambali, zimitsani injini, tsegulani chitseko n'kutseka, dikirani mphindi zingapo kuti makompyuta onse agone, kenako yatsaninso. Chotsani fulashi ndi chingwe cha foni, chifukwa fayilo imodzi yoipa ikhoza kusokoneza makina, monga taonera ku Seattle. Chachiwiri, yezetsani batire. Labwino limaonetsa pafupifupi mavoti 12.6 injini itazima, ndi pafupifupi 14 ikamalira. Magetsi akachepa kapena mitu ya batire ikachita dzimbiri, zipangizo za kompyuta ndi zimene zimayamba kuchita misala. Onaninso fyuzi. Chachitatu, musathamangire kuchotsa batire ngati njira yodzutsira makina musanadziwe ngati anuwo amafuna khadi kapena nambala yachinsinsi akayakanso. Posintha batire, funsani ngati pagarajapo ali ndi kachipangizo kosungira magetsi kamene amalumikiza pa OBD. Chachinayi, musaike pulogalamu yotola pa intaneti musanatsimikize kuti ndi ya nambala yeniyeni ya makina anu, ndipo ikamalowa musazimitse galimoto. Makina odulidwa magetsi pakati pa ntchito imeneyi nthawi zambiri sadzukanso.

Koma izi n'zozimitsa moto utayaka kale. Chofunika kwambiri chichitike pogula. Amene akuitanitsa galimoto afunse chithunzi cha sikirini itayaka ndi cha khadi lili m'malo mwake, ndipo wokaitenga ku doko aone ngati lilimo asananyamuke. Ogulitsa galimoto m'mayadi athu aziuza ogula poyera za khadi, nambala yachinsinsi ndi chiyankhulo cha makina, monga momwe amanenera za mtunda umene yayenda. Safunsa anadya phula, komabe wogulitsa wodziwa n'kukhala chete nayenso ali ndi mlandu.

Ndipo ife a m'masukulu a ukachenjede tili ndi gawo lathu. M'misewu mwathu mwadzaza makompyuta oyenda pa matayala, koma amakaniko ambiri anaphunzira ntchito nthawi ya kabuleta. Si vuto lawo. Maphunziro a TEVETA ndi a uinjiniya monga a ku MUBAS akuyenera kutulutsa anthu odziwa kuwerenga makina oyezera ndi mapu a mawaya, amene angagwire ntchito limodzi ndi amakaniko a m'makwalala m'malo mowanyoza. Mnzanga amene ukuphunzira za makompyuta n'kumadandaula kuti ntchito kulibe, pita pagaraja ukaone mzere wa anthu.

Ku Ulaya nako ayamba kubwerera m'mbuyo. Bungwe la Euro NCAP, limene limapereka nyenyezi za chitetezo cha galimoto, linalengeza kuti kuyambira 2026 liziyang'ana ngati zinthu monga ma indiketa, hutala, mawaipa ndi nyali zangozi zili ndi mabatani enieni ogwirika ndi dzanja. Ngati iwo, amene dila ali naye pafupi, akuopa kuika zonse pa galasi limodzi, kuli bwanji ife? Ine ndikadzagula yanga, ndidzasankha ya mabatani.

Amalume anapeza khadi lina patapita masabata atatu, pa mtengo woti ine ndikanadyera mwezi wathunthu ku hositelo. Sikirini inadzuka, kamera inabwerera. Koma masiku ano asanabweze galimoto chambuyo amayamba atsika n'kuizungulira kaye.